Chingwe cha IDE cha mawaya 40 ndi cha 80, zikusiyana pati?

Wa_ku_Bembeke:
Akuluakulu tandithandizeni. Malume anandisiyira kompyuta yakale ya Pentium 4 yomwe ndimapangira makhadi aukwati pa Dedza boma pano, ndiye chingwe chophwatalala chija cha hard disk, chomwe amati IDE, chinang'ambika ndikupukuta fumbi, ndinakagula china pamsika. Chalowa bwinobwino koma makina akuchedwa zedi, kukopera mafoto mpaka tiyi kuzizira, komanso poyatsa ikumalemba zoti palibe 80-conductor cable. Ndalakwitsa pati?

Fundi_wa_pa_Lizulu:
Achimwene mwagula cha mawaya 40. Tachiyang'anitsitsani, mawaya ake ndi onenepa moti mutha kuwawerenga ndi chikhadabo, pomwe cha 80 ndi timawaya tating'ono tothithikana koma pulagi yake ndi yomweyo ya mapini 40. Mawaya 40 owonjezerawo sanyamula data ayi, onse ndi a ground, amakhala pakati pa mawaya enawo kutchinga kuti magetsi asadumphire mwa waya wina. Nkhani ndi yoti IDE imatumiza ma bit 16 nthawi imodzi, waya uliwonse yakeyake, ndiye liwiro likakwera magetsi a waya uyu amadumphira mwa mnzake ngati anthu onse akuyankhula pakamodzi mu minibasi, palibe womva mnzake. Motherboard imafufuza kudzera pa pini 34, ikaona kuti ndi cha 40 imadzitsitsa yokha pa 33 MB pa sekondi kuopa kuononga mafayilo, chonsecho disk yanuyo mwina imatha 100.

MaiTsangano:
Mukachipeza cha 80 musamangolumikiza chisawawa. Pulagi ya buluu ipite ku motherboard, yakuda yakumapeto ku master (disk yoyamba pa chingwecho), yotuwa yapakati ku slave (yachiwiri). Ine ndinasowapo tulo usiku wonse disk isakuoneka kumeneku kajampa ka kumbuyo, kapulagi kakang'ono kosankhira master kapena slave, kali pa master pa disk ndi pa CD-ROM pomwe. Ndipo zingwe zazitali zija zisiyeni, malire ake ndi masentimita 46 basi.

Wa_ku_Bembeke:
Zikomo kwambiri amayi, ndawerengadi alipo 40. Nanga ndikangogula disk ya SATA, mtundu uja unalowa m'malo mwa IDE, sizingathe?

Fundi_wa_pa_Lizulu:
Onani kaye ngati board yanu ili ndi kasoketi ka mapini 7, ena a Pentium 4 alibe. SATA imatumiza ma bit motsatana pa mawaya awiriawiri nchifukwa chake phokoso lija silivuta. Koma musataye ndalama, ndili nazo za 80 zingapo mkatoni, Loweruka mukamadutsa pa Lizulu imani mutenge chimodzi.