Mnyamata wa judo aziika makanema a njira zake pa Facebook mpikisano usanafike?

Chisomo: Moni akuluakulu, makamaka aphunzitsi a judo ndi jiu-jitsu amene muli pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Pa kalabu pali mnyamata wa makilogalamu 73, wamanzere, amagwetsa bwino ndi ippon seoi-nage (kumusenza mdani pamsana n'kumuponya kudzera paphewa), akafika pansi n'kumalizira ndi juji-gatame (kuwongola mkono wa mdani pachigongono mpaka agonje). Mpikisano watsala masabata 6. Iye akufuna aziika makanema pa Facebook ndi TikTok kuti mwina apeze womugulira judogi (chovala cha judo) ndi kumulipirira thiransipoti. Ena akuti akudziulula yekha, anzake a sikelo yake aonera n'kumukonzekera. Choyenera n'chiti? Ngati n'kuika, aike ziti, asiye ziti?

Mphatso: Achimwene, seoi-nage payokha si chinsinsi. Ili m'mabuku a Kodokan (likulu la judo ku Japan), mwana wa lamba woyera aliyense amaiphunzira, ndipo ya akatswiri yadzaza pa YouTube. Mphunzitsi wochenjera akamaonera kanema wa mdani, kugwetsako sachita nako chidwi kwenikweni. Amayang'ana masekondi 5 kapena 10 asanagwetse: phazi lomwe lili kutsogolo, dzanja lomwe limayamba kugwira, ngati amayamba kolala kapena mkono wa judogi, ndi mbali yomwe amakokera mnzake asanatembenuke. Amayang'ananso chimene amachita akamanidwa pogwira: amabwerera m'mbuyo, amawerama, kapena amangodziponya pa maondo?

Mnyamata wanuyo pa ippon seoi ya kumanzere amafuna mkono wamanzere wa mdani m'dzanja lake lamanja. Wina akangoona zimenezi katatu, tsiku la mpikisano abisa mkonowo kumbuyo, atsogoze wamanja, agwire pamwamba pa msana n'kumupanikiza mutu. Mnyamatayo akalowa osamupendeketsa kaye mnzakeyo, woyimbira amupatsa shido (chilango chaching'ono) chifukwa cha kuukira kwabodza. Ma shido atatu ndi hansoku-make, watuluka osagwetsedwa n'komwe. Choncho aike kanema kuyambira pomwe watembenuka kale mpaka mnzake kugwa. Kulimbirana pogwira adule.

Dalitso: A Mphatso ndikugwirizana nanu theka. Mbali inayo tiione kwa Marcelo Garcia, katswiri wa jiu-jitsu wa ku Brazil, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa kulimbana wotchedwa ADCC kanayi, mu 2003, 2005, 2007 ndi 2011. Iye ankaika pa tsamba lake la pa intaneti la MGInAction ngakhale makanema a kulimbana kwake kwa tsiku ndi tsiku pa kalabu yake ku New York, aliyense wolipira n'kumaonera, adani ake omwe. Maganizo ake anali oti amene akukuphunzira walowa m'bwalo lako, ndipo m'bwalomo iwe wakhalamo zaka, iye masabata. Aliyense ankadziwa kuti kukubwera arm drag (kukoka mkono wako kuti akuzungulire), kenako ali kumsana kwako, koma kudziwa ndi maso n'kosiyana ndi kudziwa ndi thupi. Munthu amene wathera mwezi akuganiza zothawa njira yako, yake amaiiwala.

Pomwe ndikubwerera kwa inu ndi apa: Garcia ukamutsekera arm drag panali guillotine (kukupana pakhosi ndi mkono), ukathawa imeneyo panali X-guard (kukukola miyendo iye ali pansi kuti akugwetse). Khomo lililonse linali ndi lina kumbuyo kwake. Mnyamata wa njira imodzi alibe mwayi umenewo. Ndiye a Chisomo, funso lenileni n'lakuti: akamanidwa mkono uja, ali ndi chiyani china?

Chisomo: Kunena zoona a Dalitso, palibe chodalirika. Ko-uchi-gari (kusesa phazi la mdani kuchokera mkati) amaidziwa koma pa randori (kulimbana koyeserera pa kalabu) saigwiritsa ntchito.

Dalitso: Ntchito ya masabata 6 ndi imeneyo basi, ndipo imeneyo isajambulidwe. Woopa seoi-nage amatsitsa chiuno n'kutsamira kumbuyo, kulemera kwake kumapita ku zidendene. Pamenepo ko-uchi-gari ya kumanzere imalowa yokha: atembenuze phewa ngati akulowa seoi, mnzake akalimba, phazi lamanzere lisese chidendene chamanzere cha mnzakeyo, chifuwa chikukankha. Cholakwika chofala n'kusesa phazi manja ali chete, ndiye mdani amangonyamula mwendo. Achite uchikomi (kubwereza kalowedwe osagwetsa) ya ziwirizi molumikiza, maulendo 10 kasanu tsiku lililonse la maphunziro, kenako randori yomwe mnzake wauzidwiratu kuti abise mkono wamanzere. Zikatero kanema wa seoi uja pa Facebook asanduka nyambo.

Mayi Nabanda: Ine nkhawa yanga si adani ayi, ndi ana amene amaonera. Kanema wa masekondi 20 amaonetsa kugwetsa, saonetsa ukemi (luso logwa osavulala) ya wogwetsedwayo, miyezi yomwe anaphunzira kugwa chibwano chili pachifuwa, dzanja likumenya tatami (mphasa ya judo). Mwana wa pulayimale akayesera mnzake pa dothi louma, mutu ndi umene umayamba kufika. Seoi ya pa maondo ndiye yoopsa kwambiri chifukwa wogwetsedwa alibe mpata wozungulira.

Pali zina zoti zisaikidwe ngati zosangalatsa. Kani-basami (kumupana mdani ndi miyendo ngati sizasi n'kumugwetsa) inathyola mwendo wa Yasuhiro Yamashita, katswiri wa judo wa ku Japan, mu 1980 polimbana ndi Sumio Endo, ndipo pa mipikisano ya judo ndi yoletsedwa. Ku jiu-jitsu kuli heel hook: umagwira chidendene koma chomwe chimapotoka ndi bondo, ndipo mitsempha yake imatha kuduka munthu asanamve ululu wokwanira kuti agonje. Lachlan Giles wa ku Australia atagonjetsa nayo amuna atatu olemera kumuposa pa ADCC ya 2019, aliyense anafuna kuiphunzira pa kanema. Komatu bungwe la jiu-jitsu la IBJJF linaivomereza mu 2021 kwa akuluakulu a lamba wa bulauni ndi wakuda okha, pa mipikisano yopanda gi (chovala cha jiu-jitsu chonga judogi). Juji-gatame ya mnyamata wanuyo akaiika, aonetse akukweza chiuno pang'onopang'ono, mnzake akugogoda kawiri, iye n'kusiya nthawi yomweyo. Ndipo wogwetsedwayo afunsidwe kaye. Ngati sanakwane zaka 18, chilolezo chichokere kwa makolo.

Yamikani: Za kajambulidwe. Foni ikhazikike pa mpando, mulingo wa m'chiuno, mamita 3 kapena 4 kuchokera pa anthuwo, mapazi azioneka. Ngati foni ili ndi 60fps (zithunzi 60 pa sekondi) sankhani imeneyo kuti mukachedwetsa isasokonekere. Musanaike, onerani kanemayo kawiri: bandeji ya pa bondo kapena pa chala isaoneke, ndipo mawu a mphunzitsi akukuwa kuti "dzanja lako lamanja likuchedwa" muwachotse. Randori yathunthu ya mphindi 4 musaike, imaulula mphindi yomwe mpweya umamuthera. Wothandiza ndi ndalama safuna zonsezo, akufuna nkhope, dzina la kalabu ndi kugwetsa koyera.

Chisomo: Zikomo nonse. Nanga pa mpikisano penipeni, poti anthu amajambula okha ndi mafoni awo?

Mphatso: Zimenezo simungaletse, ngakhale a IJF, bungwe la judo la dziko lonse, amaika okha ndewu za akatswiri pa intaneti. Tumani munthu mmodzi ajambule ndewu zonse za sikelo ya 73, osati za mnyamata wanu yekha. Madzulo mukhale naye pansi ndi kope, aliyense mumulembe: wamanja kapena wamanzere, amayamba kugwira pati, ndipo mphindi yachitatu ikakwana amaoneka bwanji.