Mutu wa Amayi: tigwirizane chochita

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse? Amayi mutu sukuwasiya. Akuti umayamba akangodzuka, umafinya mutu wonse ngati wina wawamanga lamba pachipumi, mpaka kumbuyo kwa khosi. Panado watha, amene angathe atumize wina.

Mzime: Nditumiza lero, ndi Brufen yemwe.

Alamu anamwino: Taima kaye mlamu. Achemwali, Panadoyo akumwa bwanji?

Achemwali aakulu: Pafupifupi tsiku lililonse, awiri m'mawa, awiri madzulo. Papita miyezi ndithu. Dzulo ndikuyala bedi ndinapeza timapepala take topanda kanthu titadzaza pansi pa pilo.

Alamu anamwino: Nkhani ili pamenepo. Munthu akamamwa Panado kapena Brufen masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yoposa 3, mankhwala omwewo amayamba kudzutsa mutu. Mphamvu yake ikatha usiku, m'mawa mutu uja wabwerera, munthu n'kumwanso, zimangozungulira choncho. Brufen ndiye ayi ndithu. Amayi ali ndi BP komanso amadandaula m'mimba, pamene mankhwala amenewa amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuvutitsa impso ndi kukweza BP.

Amalume: Ana anga, si mutu waching'alang'ala umenewu? Malemu agogo anu unkawagwira, ankadzitsekera m'chipinda chamdima tsiku lonse.

Alamu anamwino: Umayendadi m'banja, amalume. Koma waching'alang'ala kawirikawiri umagunda mbali imodzi, umabwera ndi mseru, munthu safuna kuwala kapena phokoso, ndipo umatenga maola 4 mpaka 72 kenako n'kusiya. Uwu wofinya mbali zonse umakonda kubwera ndi nkhawa, kusagona mokwanira, kudumphitsa chakudya, kumwa madzi ochepa ndi kuuma kwa minofu ya m'khosi. Komabe pafoni sitingagamule. Amayi anapitirira zaka 50, ndipo mutu wachilendo pa msinkhu umenewu umafunika dokotala awaone.

Achimwene: Ine ndimangoti ndi BP basi.

Alamu anamwino: BP nthawi zambiri siwawitsa mutu, achimwene, pokhapokha ikakwera kwambiri, cha m'ma 180/120. Tiyeze, tisamangoganizira.

Achimwene: Chabwino. Lachinayi ndili ndi mpata, ndiwatengera kuchipatala m'mawa. Akayezetsenso maso, magalasi aja ndi akalekale, powerenga Baibulo amatsinzina diso limodzi.

Mzime: Ndiye m'malo mwa mapiritsi ndigula makina oyezera BP akhale pakhomo.

Alamu anamwino: Wachita bwino. Achemwali, pezani kope. Muzilemba nthawi imene mutu wayamba, pamene ukuwawa, ngati agona bwino, ngati adya, ndi mapiritsi amene amwa. Kopelo lipite nawo Lachinayi. Muwafunsenso ngati nsagwada zimatopa akamatafuna, kapena ngati khungu la m'mutu limawawa akamapesa tsitsi. Akavomera, kapena maso akayamba kuona mwachimbuuzi, tisadikire Lachinayi, zimenezo zimatha kuwononga maso.

Achemwali aakulu: Ndalemba. Nanga usiku zikavuta ndidziwa bwanji kuti tithamange?

Alamu anamwino: Mutu ukabwera mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa ina yonse, thupi likatentha khosi n'kuuma, pakamwa pakapotoka, dzanja kapena mwendo ukafooka, akamalankhula zosamveka, kapena akagwa n'kumenyetsa mutu. Pamenepo ndi kuchipatala nthawi yomweyo, ife mutiimbire muli m'njira.

Amalume: Koma mlongo wanga ndikumudziwa, Panado sangamusiye mwachisawawa. Mukamubisira akagula yekha.

Alamu anamwino: Tisawabisire, amalume, tiwafotokozere. Adokotala awauza kasiyidwe kake. Adziwiretu kuti akasiya, masiku oyambirira mutu umatha kukula kaye usanayambe kuchepa, asaganize kuti tawalakwira.

Amalume: Zimenezo ndisiyireni ine, ndimuimbira madzulo ano.

Achimwene: Achemwali, Lachinayi akhale atakonzeka 7 koloko. Mutengenso mankhwala onse amene akumwa, a BP omwe, dokotala akawaone.