Za ulendo wa ku Ladakh uja, dera la mapiri kumpoto kwa India, pano pamene ndafika pokonzekera

Aja munandiyankha nditafunsa ngati ndipite ku Leh, tauni yaikulu ya ku Ladakh, pa ndege kapena pa msewu wa Manali, zikomo kwambiri abale. Ndasankha ndege yochokera ku Delhi, msewu uja amautsegula cha mu Juni chipale chikasungunuka ndiye sindingadalire zimenezo ayi.

Koma nkhani yaikulu ndi mpweya. Leh ali pa mamita pafupifupi 3,500, kuposa Sapitwa wathu wa 3,002 uja, ndiye ukatsika ndege umayenera kungokhala phee maola 48 osakwera kulikonse, kumwa madzi ambiri, mowa ayi, apo ayi mutu umawawa mseru nkumapuma movutikira. Za Diamox, mankhwala othandiza thupi kuzolowera malo okwera, ndikafunsa kaye adokotala. Khardung La, mpata wodutsa pamwamba pa mapiri kumpoto kwa Leh, ndayika kumapeto penipeni poti kumeneko ndi kupitirira mamita 5,000.

Ku chigwa cha Nubra ndi ku nyanja ya Pangong ife akunja timafunika chilolezo chotchedwa Protected Area Permit, imatengedwa kudzera kwa ejenti ku Leh konko. SIM ya prepaid yogula ku Delhi siigwira kumeneko, chonde musataye ndalama zanu.

Chatsala ndi jekete yolimba, masana dzuwa limawotcha khungu koma usiku kumazizira koopsa. Alipo akudziwa pogula yabwino ku Delhi?