Ku Costa Rica amatola mazira a akamba a m'nyanja boma likudziwa, nde kuteteza kwake kuli pati?

Wofunsafunsa:
Abale ndithandizeni apa mwina ine mutu sukugwira. Pali zithunzi zija zakhala zikuzungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp kwa zaka zambiri, anthu atasenza masaka odzadza mazira pa gombe, akamba ali mbwee pambali pawo ena akuikira kumene, olemba nkumati onani manyazi a dziko la Costa Rica. Koma dziko lomweli ndi limene timamva kuti ndi akatswiri pa zoteteza chilengedwe, analetsa kusaka nyama kongosangalala mu 2012, mu 2021 analandira mphoto ya zachilengedwe ya Earthshot Prize chifukwa chobwezeretsa nkhalango. Nde zikugwirizana bwanji? Wina akuti zimene zija nzololedwa ndi boma. Kamba woti ali pa chiopsezo, inu nkumatola mazira ake nkumagulitsa, kuteteza kwake kuli pati? Odziwa tiuzeni.

Mphunzitsi_wa_Bio:
Achimwene zithunzi zija nzoona koma nkhani yake anaidula mutu. Malo aja ndi Ostional, gombe la ku Pacific m'chigawo cha Guanacaste, ndipo kutola mazira kumeneko kunaloledwa mu 1987. Osati aliyense ayi, ndi anthu a m'mudzi momwemo okha amene ali mu bungwe lawo lotchedwa ADIO, komanso mtundu wa kamba ndi umodzi basi, olive ridley, eni ake amati lora.

Kamba ameneyu ali ndi khalidwe lake lachilendo. Akamba ena amabwera mmodzimmodzi usiku, iyeyu amadikirana m'madzi pafupi ndi gombe kenako nkutuluka onse pamodzi, masauzande ndi masauzande kwa masiku angapo, m'Chisipanishi amati arribada. Zimachitika pafupifupi mwezi uliwonse, kawirikawiri mwezi ukamapita ku mdima, koma zazikulu zenizeni ndi za nthawi ya mvula cha mu September ndi October. Wamkazi aliyense amakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, kuikira mazira pafupifupi 100, kukwirira, kupondaponda ndi mimba mpaka pansi kumveka di di di, ulendo kubwerera m'madzi. Tsopano vuto ndi ili, gombe ndi laling'ono akamba ndi ochuluka, obwera usiku wachiwiri ndi wachitatu amakumba pomwe anzawo aikira kale nkufukula mazira aja, mchenga wonse kudzadza mazira osweka, fungo lokhalokha, miimba ndi agalu ali pa phwando. Zowolazo zimabereka chuku ndi mabakiteriya amene amamaliza mpweya mumchenga, nde ngakhale mazira amene sanasweke ambiri saswa.

Nde maganizo anali oti mazira a pachiyambiwa ngoonongeka kale, bola anthu atole. Lamulo ndi la maola 36 oyambirira a arribada, akatha amenewo manja pansi. Mmalo mwake anthu omwewo amasesa gombe kuchotsa mitengo ndi zinyalala zobwera ndi mafunde, amalondera usiku kuopa akuba, ndipo pakatha masiku pafupifupi 45 mpaka 50 ana akamaswa azimayi ndi ana amayenda pa gombe kuingitsa miimba ndi agalu kuti tiakamba tifike m'madzi. Ndalama za mazira amagawana, zina zimapita ku ntchito za m'mudzi. Mene zilili ndi choncho.

Mai_Osakhutira:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma mwaikometsa kwambiri nkhaniyi. Ine funso langa ndi limodzi, dzira likafika mu bala ku likulu la dzikolo ku San José ndani angadziwe kuti lachokera ku Ostional? Inde amati amaika m'mapepala osindikiza chizindikiro cha bungwe, koma pepala likang'ambidwa dzira ndi dzira basi. Bola pali mazira ololedwa pa msika, wakuba wa ku gombe lina ali ndi pobisalira, akafunsidwa angoti nga ku Ostional. Anthu ambiri oteteza akamba akhala akudandaula za chimenechi, si ine ndayamba.

Ndipo tisamaone ngati kuba mazira ndi masewera a ana. Mu May 2013 mnyamata wa zaka 26, Jairo Mora Sandoval, anaphedwa pa gombe la Moín ku Limón, mbali ya Caribbean. Iyeyu amayenda usiku kutola mazira a akamba akuluakulu a mtundu wa leatherback nkukawasunga pa malo otetezeka akuba asanafike, ndipo anali atanena kale poyera kuti akuopsezedwa, akupempha apolisi. Mlandu woyamba onse oganiziridwa kumupha anamasulidwa, mpaka 2016 ndi pamene anayi anapezeka olakwa. Malo otetezedwa a Gandoca-Manzanillo pano ali ndi dzina lake, chabwino, koma dzina pa chikwangwani silidzutsa munthu. Nde mukamati dziko la chitsanzo muzinenanso ndi zimenezi.

Dolo_wa_pa_Net:
Kkkk koma azibambo ndife vuto abale. Mazira ambiriwa amathera m'mabala, amaswera mu kagalasi nkuthira sosi wa tomato wa tsabola nkumeza laliwisi, ati limapatsa mphamvu kuchipinda. Palibe wasayansi anatsimikizapo zimenezo koma kawauzeni muone.

Zimene akunena mai pamwambapa ofufuza anayesapo kuzitsata. Bungwe la Paso Pacífico linapanga mazira abodza okhala ndi GPS mkati, amawatcha InvestEGGator, nkumaika limodzi mu dzenje la kamba pakati pa enieni, wakuba usiku sasiyanitsa amangokokolola onse. Zotsatira zinatuluka mu 2020, dzira lina linayenda makilomita 137 kuchoka ku gombe mpaka mkati mwa dziko, ambiri amathera kufupi komweko. Nzeru zimenezo ine ndinazigomera heavy.

Mphunzitsi_wa_Bio:
Mai sindikukutsutsani, nkhani ya pobisalira ija ndi yeniyeni. Koma taonani mbali inayi. Mazira a ku Ostional akachuluka pa msika mtengo umatsika, wakuba amene wayenda usiku wonse kusaka dzenje limodzi phindu lake limachepa, ndi mmene oikira kumbuyo pulogalamuyi amanenera. Komanso mukangotseka lero, anthu a m'mudzi muja sasamuka, akamba sasiya kubwera, chimene chisinthe nchoti gombe likhala lopanda mwini ndipo boma liyenera kulemba alonda okwanira usiku uliwonse, ndalama zake zichokere kuti. Patha zaka zoposa 30 akutola ndipo arribada ikubwerabe yambiri. Sindikunena kuti mutengere zomwezi pa gombe lililonse ayi, zimatheka pokhapo pamene akamba amaunjikana chonchi, ndipo malo otere ndi owerengeka pa dziko lonse, Ostional, Nancite komweko ku Costa Rica, La Escobilla ku Mexico, ndi magombe a Odisha ku India. Kwa leatherback kapena green turtle amene amaikira payekhapayekha dzira lililonse ndi lofunika, kutola ndi kupha mtundu.

Ku Tortuguero, mudzi wa mbali ya Caribbean, anatsata njira ina. Kumeneko kale anthu amapha green turtle chifukwa cha nyama, wasayansi wa ku America Archie Carr anayamba kafukufuku m'ma 1950, bungwe loteteza linayamba mu 1959, kenako paki, ndipo lero mudzi umadya za alendo obwera kudzaona akamba usiku, mabanja amene kale amakhalira kupha akamba pano ndi magaidi.

Msodzi_Wakale:
Akuluakulu mukukangana za pa mtunda pomwe nkhondo yaikulu ili m'madzi. Kamba amatenga zaka zoposa 10 kuti ayambe kuikira, mitundu ina mpaka 20 kapena 30, nde wamkazi mmodzi wamkulu akafa mu ukonde mwataya zambiri kuposa thumba la mazira, paja mwa ana ambirimbiri oswa amene amakula ndi ochepa zedi. Kamba amapuma mpweya ngati ife, ukonde wokoka wa nkhanu zija za shrimp ukamugwira nkumukoka pansi kwa nthawi yaitali amamira. Kuli kachipangizo kotchedwa TED, zitsulo zoikidwa mkati mwa ukonde zokhala ndi kakhomo, shrimp imadutsa kamba amagunda zitsulo nkutulukira pa khomo, koma asodzi ena amasoka khomolo ati nsomba zikuthawa. Khoti la malamulo ku Costa Rica linaimitsa kupereka malaisensi atsopano a ukonde wokokawu mu 2013 ndipo mkangano wofuna kuubwezeretsa sunathe. Onjezerani zingwe zitalizitali za mbedza masauzande zogwirira tuna ndi shaki.

Umboni ulipo ku gombe la Playa Grande, Guanacaste yomweyo. Anakhazikitsa paki ya Las Baulas mu 1991 makamaka chifukwa cha leatherback, chikamba chachikulu choposa onse chimene chimatha kupyola makilogalamu 500, kuba mazira kunachepa, alonda alipo, koma akazi obwera kudzaikira anatsika kuchoka pa oposa 1,000 kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kufika pa makumi ochepa chabe. Gombe analiteteza bwinobwino, koma akambawo akamaliza kuikira amayenda ulendo wautali kulowera kumwera cha ku zilumba za Galápagos mpaka m'madzi a kufupi ndi Peru ndi Chile, kumene lamulo la Costa Rica silifika. Komanso amadya jellyfish, jumbo ikamayandama iwo amangomeza kuyesa ndi jellyfish.

Wofunsafunsa:
Eee zikomo nonse, ndimaona ngati ndi nkhani ya inde kapena ayi. Nanga bwanji osangosiya mazira nkudalira alendo ngati ku Tortuguero?

Mphunzitsi_wa_Bio:
Alendo alipo kale ku Ostional achimwene, ndipo ena a m'mudzi ndi magaidi, koma nawonso ali ndi zawo. Mu September 2015 mvula inachepa, mitsinje imene nthawi zambiri imatseka msewu inali yowolokeka, anthu anakhamukira pa gombe nthawi ya arribada, maselfie, kuponda pa mazira, ena kukhazika ana pamsana pa kamba, akamba ambiri anabwerera m'madzi osaikira. Chichokereni pamenepo anakhwimitsa, umalowa ndi gaidi wovomerezeka, fulashi ya kamera ayi, tochi ikhale yofiira. Magetsi a mahotela pafupi ndi gombe nawonso amasokoneza ana oswa, mmalo molowera ku nyanja amalondola kuwala nkukafera ku mtunda.

China chimene sitinachikambe ndi kutentha. Kamba kukhala wamwamuna kapena wamkazi zimatengera kutentha kwa mchenga, kukapyola cha m'ma 29 kapena 30 digiri ambiri amatuluka aakazi, kukafika cha m'ma 35 mazira amangopsa osaswa, ndipo mchenga wa ku Ostional ndi wakuda, nthawi ya chilimwe mazira ambiri amathera momwemo. Nchifukwa chake m'magombe ena amasamutsira mazira pa malo a mthunzi, ena amathirira madzi pa mchenga kapena kudzala mitengo m'mbali mwa gombe.

Mai_Osakhutira:
Za kutenthazo ndavomera. Koma za mazira a mu bala sindinasinthe maganizo aphunzitsi, mpaka tsiku limene mudzandionetse mmene wapolisi angasiyanitsire dzira la ku Ostional ndi la olive ridley wakubedwa pa gombe loyandikana nalo.