Kodi Aromani ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani akulandira thandizo la sopo ku Ulaya?

Mayi Nachisale, Kamuzu Road, Salima

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndili ndi funso lomwe ndikupempha kuti odziwa andiunikire, makamaka inu amene muli kunja kapena munakhalako. Mwana wa mchemwali wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Scotland, ndipo wakhala akutiuza kuti Loweruka amakathandiza kulongedza sopo, miswachi, mankhwala otsukira mano, matewera a ana ndi mapadi a amayi m'makatoni, zomwe mpingo wake umapereka kwa anthu otchedwa Aromani. Katundu wina amagawa mumzinda womwe iye amakhalamo, wina amamukweza pa lole kupita ku Romania ndi ku Slovakia.

Ife kuno tinazolowera kuti thandizo lotere limachoka ku Ulaya kubwera kwa ife, kotero nditaifotokoza nkhaniyi ku Chigwirizano cha amayi, ena sanakhulupirire, ena anayesa ndikunena za abale athu Akatolika. Ndiye ndifunse: kodi anthuwa ndi otani, anachokera kuti, ndipo zikutheka bwanji kuti m'mayiko momwe timamva kuti madzi amatuluka pampopi m'nyumba iliyonse mupezeke anthu osowa sopo?

Funso lachiwiri ndilo likundisowetsa mtendere. Mtsikanayu nayenso ndi mlendo m'dziko la eni, amadandaula lendi ndi kuzizira, ndipo ndi amene amathandiza agogo ake ku Lifuwu. Kodi n'chanzeru kuti aziika nthawi yake yopuma ndi kandalama kake pa ntchito imeneyi? Amayi ake akufuna ndimulankhule, koma sindikufuna kumudzudzula pa nkhani yomwe sindinaimvetse.

Bambo Mwale, mphunzitsi wopuma, Nkhotakota

Mayi Nachisale, ndiyankhako funso lanu loyamba. Aromani si Aroma a m'Baibulo, komanso si dzina la nzika za dziko la Romania, ngakhale kuti ambiri mwa iwo amakhala m'dzikolo. Ndi mtundu wa anthu omwe makolo awo anachoka kumpoto kwa India zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo chilankhulo chawo mpaka lero chimasonyeza ubale ndi Chihindi. Ku Ulaya konse akuyerekezedwa kuti alipo pakati pa 10 miliyoni ndi 12 miliyoni, koma alibe dziko lomwe angati ndi lawolawo, kotero kulikonse kumene ali amakhala ochepa pakati pa ena.

Umphawi wawo uli ndi mizu yaitali. M'madera a Wallachia ndi Moldavia, omwe lero ndi mbali ya Romania, Aromani anali akapolo a mafumu, a eni minda ndi a nyumba za amonke kwa zaka mazana angapo, ndipo ukapolowo unathetsedwa mu 1855 ndi 1856 popanda kuwapatsa malo olima. Ife a ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankawolotsera akapolo panyanja m'zaka zomwezo, sitiyenera kuvutika kumvetsa kuti bala lotere silipola ndi lamulo lokha. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Hitler linawapha mazanamazana a zikwi, ndipo usiku wa pa 2 August 1944 amene anatsala m'chigawo chawo cha msasa wa ukaidi wa Auschwitz anaphedwa onse. Tsiku limeneli limakumbukiridwa chaka ndi chaka.

Pa nkhani ya madzi, bungwe la European Union loona za ufulu wa anthu, lomwe likulu lake lili ku Vienna, linapeza mu 2016 kuti Aromani 80 mwa 100 alionse m'mayiko omwe linafufuza ali pachiopsezo cha umphawi, ndipo 30 mwa 100 amakhala m'nyumba zopanda mpopi wa madzi. Kafukufuku wa 2021 anasonyeza kuti opanda mpopiwo anatsika kufika pa 22 mwa 100, koma chiwerengero cha umphawi sichinasunthe. Chifukwa chachikulu n'chakuti midzi yawo yambiri inamangidwa kunja kwa matauni, pa malo opanda mapepala, ndipo makhonsolo amakana kufikitsa mapaipi pa nyumba zomwe sazivomereza. Pena ndi akuluakulu a mzinda eni ake amene amawakankhira kutali. Mu December 2010, m'kati mwa chisanu, mabanja ambiri anasamutsidwa m'kati mwa mzinda wa Cluj-Napoca ku Romania n'kukaikidwa ku Pata Rât, pafupi ndi dzala lalikulu la mzindawo. Choncho mukamva za munthu wosowa sopo ku Ulaya, kawirikawiri mukumva za munthu amene anayamba wasowa malo ovomerezeka, kenaka mpopi, kenaka ntchito.

Anaphiri, Glasgow, kwathu ku Senga Bay

Mayi, ine ndimakhala kuno ndipo ntchito yonga ya mwana wanuyo ndimaigwirako, ndiye ndifotokoze zomwe ndimaona. Dera la Govanhill mumzinda uno lili ndi Aromani ambiri. Oyamba anabwera kuchokera ku Slovakia dzikolo litalowa mu European Union mu 2004, ndipo ena anatsatira kuchokera ku Romania, yomwe inalowa mu 2007. Awa mpopi ali nawo, koma vuto lawo ndi lina, ndipo ife Amalawi a kuno timalidziwa bwino chifukwa enafe tinadutsamo. Amachita lendi m'nyumba zakale zosanjikizana, banja la anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri, makoma akuda ndi nkhungu, nsikidzi zikuyenda kuchoka nyumba ina kulowa ina. Magetsi ndi gasi ambiri amalipiriratu pa mita, monga timachitira ndi mayunitsi kwathu, kotero ndalama ikatha madzi otentha amathanso. Munthu wa ku Senga Bay sangamvetse msanga kuti kuchapa kungakhale nkhani ya ndalama, poti kwathu ukachapa m'mawa n'kuyanika pamchenga, masana zauma. Kuno mu December dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, mvula imagwa masiku otsatizana, ndipo yunifolomu ya mwana ikachapidwa m'nyumba yozizira imangonunkha chinyezi osauma. Mwana wotero amasekedwa kusukulu, mawa lake amajomba, ndipo anthu amayamba kunena kuti mtundu umenewu sukonda sukulu.

Chomwe ndikufuna ndikhazikikepo ndi kaperekedwe kake, chifukwa thandizo la sopo limatha kukhala chipongwe. Kwa zaka mazanamazana Aromani akhala akunyozedwa kuti ndi auve, ndiye munthu akabwera ndi katoni ya sopo n'kuyamba kuwaphunzitsa kusamba m'manja, iwo amamva mnyozo womwewo utavala nkhope yachifundo. Chonsecho magulu ambiri a Aromani ali ndi miyambo ya ukhondo yokhwima kuposa ya owapatsawo. Zovala za kumtunda kwa thupi sazichapira pamodzi ndi za kumunsi, ndipo chiwiya chotsukiramo mbale sichingakhudze zovala kapena thupi. Tsiku lina tinali kugawa mabeseni apulasitiki, limodzi pa banja lililonse, ndipo mayi wina wachikulire, atavala siketi yaitali yofika m'mapazi, analitembenuza besenilo, kuligogoda ndi chala, n'kulibweza patebulo mwaulemu. Mdzukulu wake ndiye anatimasulira kuti agogowo akufunsa ngati beseni limenelo ndi la mbale kapena la zovala, popeza limodzi silingagwire ntchito zonse ziwiri, ndipo kulitenga lokha kukanangobweretsa chisokonezo m'nyumba. Anasankha kutenga sopo wochapira basi. Gulu lathu tsopano silimanga makatoni a mabanja a kuno. Timayala katundu patebulo, munthu amalowa n'kusankha yekha, ndipo pakhomo pamakhala mayi wachiromani amene amadziwa mabanjawo. Zomwe zimatha msanga ndi matewera, sopo wochapira wa ufa ndi mankhwala a nsabwe za m'mutu, pamene mafuta onunkhira omwe opereka amakonda kugula amatsala. Mapadi ambiri timawasungira lole, chifukwa ku Scotland kuno lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022 limati azipezeka mwaulere m'masukulu ndi m'malo ena a khonsolo.

Za mwana wanuyo, ndinganene kuti moyo wa kuno ndi wa ntchito ndi kugona. Wosamalira okalamba amagwira mashifiti aatali, amabwerera kuchipinda kwake kuli mdima, ndipo sabata imatha osamva wina akumufunsa kuti wadzuka bwanji. Loweruka lolongedza katundu mwina ndi tsiku lokhalo lomwe amacheza ndi anthu, kumwa nawo tiyi, ndi kumva kumene kukupezeka nyumba yotchipa kapena ntchito yabwinoko. Musafulumire kumuchotsako.

Bambo Chirwa, Dwangwa

Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa kuti anthuwo akuvutika, koma ine ndili kumbali ya amayi ake a mtsikanayo. Madzi atasefukira kuno ku Dwangwa kumayambiriro a 2024, anthu anagona m'makalasi ndi m'matchalitchi, amayi akusowa ngakhale chitenje chosinthira, ndipo kachidutswa ka sopo kankadulidwa ndi mpeni kuti kakwanire mabanja awiri. Romania ndi Slovakia ndi mamembala a European Union, amalandira ndalama zochuluka zachitukuko kuchokera kumeneko, ndipo ngati safikitsa madzi kwa nzika zawo ndiye kuti asankha kutero, osati alephera. Nanga bwanji mwana wa ku Lifuwu, amene agogo ake amatunga pamjigo, azitseka dzenje lomwe maboma olemera akulisiya dala? Paundi imodzi yomwe amagulira mswachi kumeneko ikanafika kuno ikanagula zambiri. Nthawi yake angapereke, zimenezo ndi zake, koma ndalama ibwere kumudzi.

Mayi Kamanga, mlangizi wa zaumoyo, Khombedza

A Chirwa anena mfundo yoona pa za maboma, ndipo ndikufuna kuiwonjezera kuchokera ku ntchito yanga, ngakhale sindifika nawo pa chigamulo chawo. Amene tinagwira ntchito pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unavuta kwambiri m'mbali mwa nyanja, tinaona kuti sopo ndi klorini zimagwira ntchito pokhapokha pamene madzi ali pafupi. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu patsiku ngati mlingo wotsikitsitsa wa kumwa, kuphika ndi kusamba. Banja la anthu asanu ndi atatu ndiye kuti likufuna malita 120, zomwe ndi zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 20, chilichonse cholemera makilogalamu 20. Mayi amene akusenza zimenezo kuchokera kutali amayamba wasunga akumwa ndi ophikira, ndipo osamba m'manja amakhala omalizira, kaya m'nyumbamo muli sopo kapena mulibe. Ife tinkapeza mpondagiya utamangidwa bwinobwino pafupi ndi chimbudzi, kasopo kali lende pachingwe, koma kachigubu kake kali gwa, kouma. Mayi wachiromani wa kumudzi ku Slovakia, amene akutunga pachitsime kapena pampopi umodzi wa mudzi wonse m'nyengo yomwe madzi amaundana, akuwerengera chimodzimodzi.

Zomwe zinachitika nthawi ya Covid-19 zikuonetsa kumene maganizo a akuluakulu amathamangira. Mu April 2020 boma la Slovakia linatseka midzi ingapo ya Aromani, kuphatikizapo ya ku Žehra, Bystrany ndi Krompachy, n'kuikapo asilikali, ndipo ku Bulgaria apolisi anaika zipata polowera m'madera ena a Aromani. Uthenga wa dziko lonse unali woti anthu azisamba m'manja pafupipafupi, koma kwa amene analibe mpopi chinafika msanga ndi mpanda.

Chomwe chaonetsa phindu kumeneko n'chofanana ndi ntchito yathu ya ulangizi. Dziko la Romania linavomereza mu 2002 ntchito ya amkhalapakati a zaumoyo, omwe ambiri ndi amayi achiromani ochokera m'midzi momwemo. Iwo amathandiza mabanja kupeza mapepala, kulembetsa kwa dokotala, kupititsa ana kukatemera ndi amayi oyembekezera kusikelo. Slovakia nayo ili ndi antchito otere pansi pa unduna wa zaumoyo. Katoni ya sopo ikadzera m'manja mwa munthu wotere imatsegula khomo la zinthu zina, pamene ikangotsitsidwa palole n'kujambulidwa zithunzi imatha m'sabata ziwiri, mudzi n'kutsala monga unalili.

Ndiye Mayi Nachisale, mukamalankhula naye mwanayo, nkhani ya agogo ake muikambe payokha, mugwirizane ndalama yokhazikika ya mwezi ndi mwezi yomwe sidzakhudzidwa ndi zopereka zina. Pa za mpingo wakewo, mum'pemphe akafunse atsogoleri ake mafunso awa: lole ikafika ku Romania kapena ku Slovakia amalandira katunduyo ndani, kodi pakati pa ogawawo pali Aromani eni ake, ndipo mudzi womwe akupitawo madzi amatunga kuti. Ngati ayankha kuti mudziwo ulibe mpopi, iye monga munthu amene anakulira pamjigo ali ndi mphamvu yowauza kuti gawo la ndalama zogulira sopo ndi kulipirira lole lipite ku thanki kapena kukoka paipi, komanso kuti sopoyo akagulidwe m'masitolo a komweko m'malo momuyendetsa ulendo wonsewo kuchokera ku Scotland.