Ndichite CELTA kapena TEFL ya pa intaneti?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi digiri ya uphunzitsi ndipo ndikufunitsitsa kukaphunzitsa Chingerezi kunja, makamaka ku Vietnam kapena ku Thailand. Chomwe chandiimitsa mutu ndi kosi yoti ndichite ndisanayambe kufunsira ntchito.

Mtima wanga uli pa CELTA ya Cambridge, kosi ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu olankhula zilankhulo zina. Imatenga maola pafupifupi 120, ndipo kwa maola 6 umaphunzitsa ophunzira enieni, wokuphunzitsa ali pomwepo kukuonerera ndi kukukonza. Gawo limeneli ndi lomwe ndikulifuna kwambiri, chifukwa kuphunzitsa munthu amene simukumvana m'chilankhulo china chilichonse si nkhani yamasewera. Kosi ina yofanana nayo, yotchedwa Trinity CertTESOL, nayonso ili ndi maola 6 oterewa. Vuto ndi ndalama. Ziwirizi ndi zodula, pomwe makosi ena a kaphunzitsidwe ka Chingerezi, otchedwa TEFL, a pa intaneti ndi otsika mtengo, kungoti ambiri salowetsa munthu m'kalasi.

Ndiye inu amene munalembedwapo ntchito kunjako, kodi sukulu zinkayang'ana dzina la satifiketi, kapena zinkangofuna maola 120 basi? Komanso poti Chingerezi ndinachita kuphunzira, kodi CELTA ingandiimire pamene olemba ntchito akufuna eni chilankhulo? Nanga CELTA yochitira pa intaneti amailandira mofanana ndi ya m'kalasi?