Kodi pulasitiki yosindikizidwa pa makina a 3D ingapirire kutentha kwa injini ya ndege yaing'ono?

Mlendo wa ku Bristol analemba kuti:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumakonza ndege kapena mumadziwa bwino za mapulasitiki. Ndawerenga za ndege yaing'ono ya mtundu wa Cozy Mk IV, mtundu umene anthu amadzimangira okha potsatira mapulani, imene inachita ngozi pa 18 March 2025 pabwalo la ndege la Gloucestershire kuno ku England. Bungwe lofufuza ngozi za ndege la AAIB linapeza kuti injini inatha mphamvu ndegeyo ikutsika kuti itere, chifukwa paipi yokhota yolowetsa mpweya mu injini, imene inapangidwa pa makina a 3D, inafewa ndi kutentha n'kuphwafuka. Ndegeyo inagwa isanafike pamsewu woterapo n'kuwomba milongoti ya zida zolondolera ndege. Inawonongekeratu, koma woyendetsa, amene anali yekhayekha, anangovulala pang'ono.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti makina anga a 3D amasungunula pulasitiki pa madigiri pafupifupi 200. Zinatheka bwanji kuti chinthu chobadwira pamoto wotero chigonje ndi mpweya wotentha chabe wozungulira injini? Ndikufunsa chifukwa mnzanga amene akudzimangira ndege wandipempha kuti ndimusindikizire kapaipi kofanana nako, ndipo sindinamuyankhe mpaka lero.

Mayi wa mu labotale anayankha kuti:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanayatse makinawo. Pulasitiki sidikira kuti isungunuke kuti ileke kugwira ntchito. Mtundu uliwonse uli ndi mlingo wake wa kutentha umene umayambira kufewa ngati labala pamene maonekedwe ake sanasinthe, ndipo akatswiri amaulemba ndi zilembo ziwiri, Tg. PLA, imene ambiri timasindikizira kunyumba, imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60. PETG pafupifupi 80. ABS pafupifupi 105. Madigiri 200 amene mukunenawo ndi a pamphuno ya makina, pamene pulasitiki iyenera kuyenda ngati phala, ndipo sakuuzani chilichonse za mphamvu ya chinthu chimene chauma kale.

Pa ndege ya ku Gloucestershire, amene anaika paipiyo anaigula pachionetsero cha ndege ku America ali ndi chikhulupiriro chakuti inali ya ABS yosakaniza ndi ulusi wa kaboni, yofewa pa madigiri 105. Anayerekezera nambala imeneyi ndi madigiri 84 a utomoni wa epoxy wotchulidwa m'mapulani a ndegeyo, ndipo anaona ngati wapeza chinthu cholimba kuposa cha m'mapulani. Ofufuza atayeza tizidutswa tiwiri ta paipiyo, anapeza madigiri 52.8 ndi 54.0. Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse. Ulusi wa kaboni umaumitsa chinthu n'kuchipatsa mtundu wakuda wosanyezimira umene umaoneka wodalirika, koma sukweza mlingo umene pulasitiki yoigwirizanitsayo imafewera, ndipo ndi maso okha palibe amene angasiyanitse mitundu iwiri yakuda yotereyi. Ine ndinasiyapo kogwirira foni ka PLA padashibodi ya galimoto masana amodzi a mwezi wa October, ndipo pobwerako ndinakapeza katawerama, foni ili pansi.

Makaniko wa ndege anayankha kuti:

Mayi afotokoza bwino za pulasitiki, ine ndiwonjezere za malo amene paipiyo imakhala. Injini za mapisitoni za ndege zazing'ono zambiri zimazizira ndi mpweya, osati madzi. Pa injini zambiri za Lycoming, malire a kutentha kwa mitu ya masilinda ndi madigiri 260, ndipo a oyilo ndi 118. Mapaipi otulutsa utsi amatentha kuposa pamenepo, ndipo amawamba chilichonse chimene chayandikira ngakhale sichikuwakhudza. Ndege ikatera injini n'kuzimitsidwa, mpweya woziziritsa umaleka kuyenda, ndipo kutentha kumakhazikika m'kati mwa chivundikirocho kwa kanthawi ndithu. Aliyense amene anatsegulapo chivundikiro nthawi imeneyo amadziwa mmene mpweya wake umawaulira kumaso. Madigiri 54 m'malo otere si kanthu konse.

Kuwonjezera apo, paipi yolowetsa mpweya imakokedwa kuchokera m'kati chifukwa injini imayamwa. Ganizirani kapaipi komwera zakumwa kamene kafewa: mukayamwa mwamphamvu, makoma ake amakumana ndipo palibe chimene chimadutsa. Injini ikasowa mpweya, mafuta ngakhale achuluke chotani sathandiza.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mapulani a ndegeyi anali ataganizira kale zimenezi. Cozy anaipanga Nat Puffer potengera ndege ya Long-EZ ya Burt Rutan, injini yake ili kumbuyo, ndipo mapulani ake amati paipiyo ipangidwe ndi nsalu ya fibreglass yosanjikiza kanayi, yomatidwa ndi epoxy, komanso kukamwa kwake kukhale kachidutswa ka paipi ya aluminiyamu kamene sikasamala za kutentha kotereku. Yosindikizidwayo inalibe aluminiyamu ameneyu. Ndiponso pamene zosintha pa kayendedwe ka mafuta a ndegeyo zinkapita kukavomerezedwa ku Light Aircraft Association, bungwe loyendera ndege zodzimangira ku UK, paipiyo sinalembedwe pamndandanda wa zipangizo, choncho oyendera sanaiunike. Achimwene, mnzanuyo muuzeni kuti ayambe wakaonana ndi womuyendera ndege yake, ndipo chilichonse chimene chasiyana ndi mapulani achilembe papepala.

Injiniya wa ku Johannesburg anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma ndipemphe kuti tisaimbe mlandu makina a 3D. Ndege za Airbus A350 zili ndi zipangizo zosindikizidwa zoposa 1,000 zopangidwa ndi ULTEM 9085, pulasitiki imene imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 186, ndipo mkukutu uliwonse wa ulusi wake umadziwika kumene unachokera. Makina a panyumba ambiri safika n'komwe pa kutentha kofunika kusindikizira pulasitiki imeneyi. Ngakhale paipi ija ikanakhaladi ya ABS, ine sindikanagona tulo, chifukwa pulasitiki yonyamula katundu imayamba kupindika pang'onopang'ono isanafike pa Tg yake, ndipo zosindikizidwa zimakhala zofooka m'malo amene mizere yake inalumikizana.

Mlendo wa ku Bristol anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinadula kachidutswa ka ulusi wakuda umene ndinkafuna kugwiritsa ntchito, ndinakaviika m'kapu ya madzi otentha madigiri 70, ndipo pasanathe mphindi imodzi ndinakapinda ndi zala ziwiri popanda kulimbana nako. Mnzangayo ndamuimbira m'mawa uno. Tagwirizana kuti ndimusindikizira chikombole chokha chokulungirapo nsalu ya fibreglass, ndipo paipi yeniyeniyo aipanga monga mmene mapulani akunenera, ndi aluminiyamu wake yemwe.